Makope a Justina Harder

Alamu anga a Justina Harder anataya mwana wawo mmodzi yekhayo chifukwa cha mizere iwiri ya inki, ndipo amene anawawerengera mizere imeneyo kuti ailembe ndine. Ndayambira pamenepa dala, kuti wina asadzanene kuti ine Aganeta ndinabisala kumbuyo kwa malemu. Ndakalamba ine, ndilibenso woti ndizimuopa, ndingonena mmene zinayendera.

A Justina anakwatiwa ndi achimwene anga a Dietrich nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itangotha, konkuno ku Karaganda, tauni ya migodi m'dziko la Akazaki, kumene boma linatitaya ife Ajeremani a m'dziko muno. Achimwene anafera mumgodi wa malasha mwana wawo Erna ali ndi zaka zitatu, ndipo alamu sanakwatiwenso. Anali mayi wamfupi, wosaseka wamba, ntchito yawo inali yosankha miyala m'malasha otuluka pansi. Sukulu analekezera kalasi yachinayi, koma akagwira cholembera, ha! Zilembo zinkaima mowongoka ngati mano a chipeso. Akapitawo akumgodi omwe ankawapempha kuti awalembere makalata.

Masiku amenewo Baibulo kunalibe. Mabaibulo athu ena anatsala kumidzi kumene anatichotsa, ena apolisi analanda. Lamlungu tinkasonkhana m'nyumba ya wina, makatani otseka, aliyense n'kunena vesi limene akulikumbukira. Ndiye mikangano yake! Uyu akuti mawuwo amati chakuti, uyo akuti ayi, bambo anga ankanena mwina. Anthu akuluakulu, ndevu pepeya, ankabalalika osatsanzikana chifukwa cha vesi limodzi.

M'chaka cha 1956, chisanu chitangoyamba, kunafika mkulu wina wochokera kundende za kumpoto, dzina lake Isaak Reimer. Anali pa ulendo wokafunafuna banja lake kummwera, koma chifuwa chinamugwetsa pakhomo pa alamu. M'kati mwa chikhoti chake anali atasokereramo Chipangano Chatsopano chosindikizidwa, chakuda bii ndi thukuta. Akaidi anzake anali atang'ambamo masamba ambiri n'kupichirira fodya. Pamene panang'ambika, mkuluyo analembapo yekha ndi pensulo zimene ankakumbukira, zina pa timapepala, zina m'mphepete mwa masamba otsala.

"Agogo, nanga za pensulozi titani nazo?" anafunsa alamu.

"Lembani zonse, ana anga," anayankha uku akutsokomola. "Amenewo ndi Mawu amene anzanga aja anasuta."

Sabata yomweyo ngolo ya malasha inaponda phazi la alamu, ndipo achipatala anawalembera masabata asanu ndi awiri okhala pakhomo. Abale mumpingo anati Mulungu wathyola phazi kuti amasule dzanja. Ine ndinkachapa zovala kuchipatala m'mawa, ndikaweruka masana ndinkathamangira kwawo. Ntchito tinagawana chonchi: ine kuwerenga mokweza, iwo kulemba m'makope a ana asukulu. Tsamba likatha iwo ankawerenga zimene alemba, ine n'kumatsatira ndi chala m'buku. Akalumpha mawu amodzi okha ankang'amba tsamba lonse n'kuyambiranso.

"Alamu, mungolemba pamwambapo, akuona ndani?" ndinkatero ine.

"Si kalata ya chibwenzi iyi. Bwerezani kuyambira pamwamba."

Ndinkapsa mtima, ndinene zoona, koma ndinkabwereza.

Tsiku lina masana, tili mkati mwa makalata a atumwi, ndinapeza mawu a pensulo m'mphepete mwa tsamba. Anali akuti: "Mwana wamkazi akakwatiwa ndi wosakhulupirira, amake amuyese wakufa. Asamutsegulire khomo, asalankhule naye." Tsamba limenelo silinali long'ambika. Ndinaona ndithu, maso anga anali akuthwa nthawi imeneyo. Ndinacheuka kuti ndifunse mkulu uja, koma anali m'tulo, akupuma movutikira. Msana unkandiwawa, manja anali otupa ndi sopo, masiku anali kutha ndipo mabuku anali atatsala ambiri. Ndinati mumtima, kaya, iye ndiye akudziwa. Ndinawerenga, alamu n'kulemba, tinapitirira.

Mkuluyo atapezako bwino ananyamula buku lake n'kupitiriza ulendo. Sitinamvenso za iye.

Makope anakwana khumi ndi anayi. Alamu anawakutira ndi chikopa cha jombo yakale, n'kumawabisa pansi pa mbatata m'nkhuti ya kuseri kwa nyumba. Limenelo ndilo linakhala Baibulo la mpingo wathu kwa zaka makumi atatu ndi zitatu. Ena ankabwera kudzakopera, za kwa iwo n'kukoperedwanso ndi ena, mpaka m'matauni amene sitinapondeko. Mikangano ija inatha. Anthu awiri akasiyana, wina ankangoti, "Tiyeni tikaone kwa mlongo Justina." Iwo sankadzitama nazo, koma panali mawu amodzi amene ankanena nkhope ili gwa: "Ine sindinaonjeze, sindinachotse."

Erna anakula wamtali ngati bambo ake, wa phwete lomveka kutsidya kwa msewu. Ndinkamukonda mwana ameneyu kuposa anga, ndipo anga akudziwa. Anayamba ntchito yogulitsa matikiti m'basi, ndipo m'basi momwemo anadziwana ndi woyendetsa wake, Mkazaki wina dzina lake Serik. Anali mnyamata wabwino, ndikunena ine amene sindiyamikira munthu wamba. Sankamwa, ankandinyamulira malasha, ankandiseka kuti ndimayenda ngati ndikukamenya munthu. Koma sanali wa mpingo, ndipo analibe nazo ntchito.

Anakalembetsa ukwati wawo kuboma m'chaka cha 1968, ndipo Lamlungu lotsatira mpingo unakhala pansi. Mkulu wa mpingo anali m'bale Kornelius Enns, munthu wofewa ngati buledi wa lero. Iye ankafuna kungomuimitsa Erna pa mgonero kwa kanthawi, nkhani n'kuzizira yokha. Anayamba kuzungulirazungulira, apa chikondi, apo kuleza mtima. Kenaka alamu anaimirira atanyamula kope lachisanu ndi chinayi, lotsegula kale.

"M'bale Kornelius, werengani apa."

"Mlongo, si zoti tithe lero zonse."

"Werengani. Kapena tiziwerenga zotikomera zokha?"

Anawerenga mizere iwiri ija. Erna anayang'ana amake, akumwetulira ngati munthu amene sanamvetse nthabwala.

"Amayi, mukundikwirira ndili moyo?"

Alamu anayang'ana kukhoma. Sanamuyankhe, ndipo kuyambira tsiku limenelo sanamuyankhenso.

M'mawa mwake ndinajomba kuntchito n'kupita kwawo. Ndinawapeza akusenda mbatata, maso ali psuu.

"Alamu, mawu aja anali m'mphepete. Tsamba lija silinang'ambike. Ndinaona ine."

"Mwakumbukira lero?"

"Lero ndi pamene akupha munthu!"

Anaika mpeni pansi. "Za m'mphepete zinali zambiri, Aganeta. Mawu amene tinawerenga pa maliro a mwana wanu Jakob analinso a pensulo. Munalira, munati akutonthozani. Amenewonso tifufute?"



"Tikayamba kusankha titsala ndi chiyani?" anapitiriza. "Anatilanda minda, anatilanda nyumba, amuna athu anathera pansi. Chimene chatsala n'chimenechi, ndipo chikhale chathunthu. Mukuganiza kuti ine sizikundiwawa? Mulungu sanandifunse ngati zindikomere."

Ndinatuluka n'kumenyetsa chitseko mpaka laimu anagwa kukhoma. Koma kumpingo sindinakanene kanthu. Ndinaopa kuti akandifunsa chifukwa chimene ndinakhalira chete zaka khumi ndi ziwiri.

Erna ndi Serik anapatsidwa nyumba kutsidya lina la tauni, ulendo wa mphindi makumi anayi pa basi. Patatha zaka ziwiri Erna anabereka mwana wamkazi, anamutcha Aigul. Tsiku lina masana, chipale chofewa chikugwa kuchokera kumwamba, anabwera naye atamukulunga m'bulangete. Ine ndinali m'nyumba mwa alamu. Alamu atangomuona pawindo anathamangira kuchitseko, anakiya, kiyi n'kumufumbata.

"Amayi, ndine. Sindilowa. Mungomuona nkhope basi."

"Tsegulani!" ndinakuwa ine. "Kunjaku kukuzizira, khanda lija lifa! Mtima wanu ndi mwala wa mumgodi kodi?"

Ndinawatukwana mawu amene sindingawabwereze. Ndinayesa kuwatsegula zala, koma manja osankha miyala aja sunali kuwatha. Anakhala pansi atatsamira chitseko, atadzitseka pakamwa ndi epuloni kuti kulira kwawo kusamveke kunja. Erna anagogoda, n'kusiya, n'kugogodanso. Mwana anayamba kulira. Kenaka tinamva nsapato zikuchoka, ndipo pamene alamu ankandipatsa kiyi n'kuti basi itapita kale.

Loweruka lililonse alamu ankaphika mabanzi, monga timachitira tonse. Kuyambira chaka chimenecho anayamba kuphika ochuluka kuposa a munthu mmodzi, ena n'kuwamanga m'kansalu, n'kuwasiya pa benchi pamene ndimakhala ine. Sananene kuti ndi a yani, inenso sindinafunse. Ndinkakwera nawo basi. Ndikabwerako ndinkayamba kulankhula ndi mphaka wawo mokweza, kumuuza kuti Aigul wamera mano, Aigul wayamba sukulu, Erna wakwezedwa pantchito. Iwo ankangopukuta mbale imodzi yomweyo mpaka nditamaliza. Erna analandira mabanziwo zaka zisanu ndi chimodzi. Tsiku lina anandibwezera kansalu kosamasula.

"Azakhali, mabanzi salankhula. Musabweretsenso."

Sindinawauze alamu. Ndinkawanyamulabe, n'kukagawira ana a pa siteji ya basi.

Zaka zinapita choncho. Alamu anapuma pantchito, tsitsi linayera, phazi lija linayamba kuwavuta kukazizira. Sankajomba kumpingo. Pa mapemphero ankatchula odwala onse ndi akaidi onse mayina, koma dzina la Erna silinatulukepo pakamwa pawo.

M'chaka cha 1989 boma linafewa, ndipo abale a ku Jeremani anayamba kutitumizira Mabaibulo m'makatoni. Nyumba iliyonse inalandira lake, latsopano, lonunkhira inki. Anthu ankalira, ena kulipsompsona. Alamu analandira lawo ndi manja awiri, n'kundiyang'ana.

"Mawa mubwere. Tiyerekeze."

Tinakhalanso pa tebulo lomwe lija, nkhalamba ziwiri za magalasi. Ine ndinkawerenga losindikizidwa, iwo n'kumatsatira m'kope. Abale anga, zinkagwirizana! Tsamba ndi tsamba, mutu ndi mutu, ngati zinalembedwa dzulo ndi dzanja limodzi. Ngakhale za pensulo zija, zimene mkulu uja anazisunga m'mutu kundende, zinali momwemo, kupatula liwu apa ndi apo. Mawu a pa maliro a Jakob wanga analimo onse. Alamu ankaseka, ndikunena kuseka kwenikweni, mano onse pamtunda.

"Mwaona? Asuta, ang'amba, alanda, koma Mwini wake wasunga."

Titamaliza kope lachisanu ndi chitatu kuseka kunatha. Tsiku loyamba anati mutu ukuwawa. Lachiwiri anati akufuna kuchapa makatani. Lachitatu ndinawauza kuti ine ndilibe zaka zambiri zodikira makatani, tinakhala pansi.

Ndinawerenga mpaka vesi lomaliza la tsambalo, n'kulowa m'vesi lotsatira. Pakati pake panalibe kanthu.

"Mwalumpha," anatero.

"Sindinalumphe."

Anandilanda bukulo, n'kuyendetsa chala okha, kawiri, katatu. Anatsegula kutsogolo, anatsegula kumbuyo. Anatuluka osavala chikhoti, kukabwereka la anansi. Munalibe. Anakabwereka la Chirasha kwa mayi wina wa kuseri. Munalibe. Masiku asanu ndi anayi anawerenga Baibulo lonse, kuyambira tsamba loyamba, kufunafuna mizere iwiri ija kuti mwina ili pena. Pamapeto pake tinapita kwa m'bale Kornelius, amene tsopano anali wosayenda, atakhala pampando pafupi ndi mbaula.

"Mulibemo, mlongo," anatero. "Inenso ndinayang'ana tsiku lomwe ndinalandira langa. Ndinasowa poyambira kukuuzani."

"Ndiye anachokera kuti?"

"Kaya. Mwina mkulu uja anali ndi mwana wake wamkazi amene anamupweteka mtima, analemba zakukhosi kwake. Koma musataye mtima. Mawu a Mulungu sanalakwe. Mwaona nokha mmene asungikira. Cholakwa ndi dzanja la munthu."

Alamu anatambasula dzanja lawo lamanja, n'kuliyang'ana. "Dzanja lake ndi ili, m'bale. Nanga zaka makumi awiri ndi chimodzi zonsezi ndakhala ndikumvera ndani?"



Panjira ndinawagwira mkono. "Nditukwaneni, alamu. Ndimenyeni. Ndine ndinawerenga."

"Munandiuza," anatero, osandiyang'ana. "Munabwera m'mawa mwake, munandiuza."

Bola akanandimenya.

Lachinayi lotsatira anavala diresi lawo lakuda la mgonero ndi mpango watsopano, anati ndiwaperekeze kwa Erna. Anatenga Baibulo latsopano lija, atalowetsa kapepala pa tsamba lake.

"Bukulo lisiyeni," ndinatero. "Mukukaona mwana, simukupita kukhoti."

"Akaone yekha kuti mulibe."

"Mayi inu, kuuma mutu mudzafa nako!"

Analitenga basi.

Anatitsegulira ndi Serik, mimba itatuluka, mutu utayera. Atawaona alamu anabwerera m'mbuyo, kenaka anawerama n'kuti, "Lowani, amayi, lowani." Anatikhazika pa tebulo, n'kunena kuti akukaona galimoto ya mnzake, anathawa. Aigul anali kusukulu yaukachenjede ku Alma-Ata. Chithunzi chake chinali pa kabati, ndipo alamu anachiyang'ana mobera, ngati mwana woyang'ana shuga.

Erna anatuluka kukhitchini atanyamula ketulo. Anali mayi wa zaka makumi anayi ndi zitatu, wonenepa pang'ono, imvi m'mbalimu. Anandipsompsona ine pa tsaya. Amake anawagwedezera mutu monga umachitira ndi munthu amene wakhala naye mpando umodzi m'basi. Anayala tebulo mwa chikwawo kwa mwamuna wake, timbale ta tiyi, mkaka, zokazinga, maswiti. Aliyense wokhala kuno amadziwa za timbale timeneti. Mlendo womukonda umamuthirira pang'onopang'ono kuti akhalitse, ukamudzazira ndiye kuti amwe azipita. Ine anandithirira pang'ono. Atafika pa kambale ka amake anaima, ketulo ili m'manja.

Alamu anatsegula Baibulo n'kulikankhira kwa iye.

"Mwanawe, mulibe. Mawu aja mulibe. Taona wekha. Ndinalemba zimene Mulungu sananene. Ndakulakwira, ndalakwira mwana wako, ndalakwira mwamuna wako. Undikhululukire."

Aka kanali koyamba kumva alamu akupepesa munthu. Ine misozi inali kale mbwee. Erna sanaliyang'ane bukulo n'komwe.

"Ndinamva," anatero. Chijeremani chake chinali chitauma, ankachita kufunafuna mawu. "Tauni yonse ikudziwa. Ndimayembekezera kuti mubwera. Amayi, ndikufunseni chinthu chimodzi chokha."

"Funsa."

"Mawu amenewo mukanawapeza kuti alimo, mukanabwera?"

Mayo ine! Ndinawaponda phazi pansi pa tebulo. Ndinawatsina pantchafu. Mumtima ndinkakuwa kuti nenani eya, mayi inu, liwu limodzi lokha, Mulungu adzamvetsa. Erna nayenso ankadikira, ndinaona m'maso mwake. Ankafuna kunamizidwa mwana uja, akanalandira ngakhale bodza loonekeratu.



"Ayi," anatero alamu. "Sindikanabwera."

Erna anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Anapendeketsa ketulo, n'kuthira, n'kuthirabe, mpaka kambale kanadzaza ndendende, tiyi n'kutayikira pa nsalu ya tebulo. Anabwerera kukhitchini n'kutseka chitseko. Alamu ananyamula kambaleko ndi manja awiri, anamwa tiyi yense akuwotcha choncho, ndipo tinatuluka.

Sanaonanenso. Zaka zotsatira mpingo wonse unasamukira ku Jeremani, nyumba ndi nyumba, ana anga omwe. Alamu anakana, ndipo ine ndinatsala chifukwa cha iwo. Analembera Erna makalata anayi, osayankhidwa. Ankawerengabe Baibulo lawo latsopano m'mawa uliwonse, ndipo sindinawamvepo akukayika liwu limodzi la m'menemo. Anamwalira m'chaka cha 1993, chipale chikusungunuka. Pa maliro tinalipo anthu asanu ndi awiri. Serik anabwera, anathandiza kunyamula bokosi. Erna sanabwere.

Koma chimene chimandibwerera kawirikawiri ndi ulendo wa pa basi tsiku lija, tikuchokera kwa Erna. Ndinali nditakwiya moti sindinkafuna kukhala nawo mpando umodzi. Tinadutsa masiteji atatu, iwo atafungatira buku lawo pamiyendo. Kenaka anandigwira chikhoti.

"Aganeta, ndikanamunamiza?"

"Eya!" ndinakuwa, anthu onse m'basi n'kucheuka. "Mukananama! Kamodzi kokha m'moyo wanu wonse, mukananama!"

Anayang'ana pawindo.

"Ndinaganizapo," anatero. "Dzulo ndinayang'ana mawu oletsa bodza aja, kuti mwina nawonso anali a pensulo. Amenewo alimo."